Riboni pa keke ya ukwati ya buttercream: ikathimbirira, ikatsetsereka kapena kusuluka

Ikafika nyengo ya maukwati, kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba, pa foni yanga pamabwera chithunzi chomwechomwecho, kungosiyana mtundu wa riboni. Keke yansanjika zitatu ili patebulo mu tenti kugombe la nyanja, kirimu yasalala bwino lomwe, koma riboni ya m'munsi yachita mawangamawanga akuda ngati wina wayigwira ndi manja odyera chipisi. Pansi pa chithunzicho pamakhala mawu ochepa: "Amayi, nditani? Akwati anyamuka kale kutchalitchi." Pa nthawi ngati imeneyo zochita zimakhala zitachepa. N'chifukwa chake ndalemba izi, kuti anzanga ophika makeke kuno ku Mangochi muziwerenge keke isanalowe mu uvuni.

Gwero la mavuto ambiri ndi limodzi. Buttercream, imene muno ndiziitchula kuti kirimu, ndi mafuta osakaniza ndi shuga wa aisingi. Riboni ndi nsalu, ndipo nsalu imakoka mafuta monga momwe chingwe cha koloboyi chimakokera palafini. Batala amayamba kusungunuka pa madigiri 32 mpaka 35, pamene kuno mu Okutobala ndi Novembala masana amatha kupitirira pamenepo, mu tenti ndiye kuposa. Zimene mnzathu wa ku Dedza kapena ku Zomba angachite osavutika, ife kuno zimatigwetsa. Choncho lamulo langa ndi ili: pakati pa riboni ndi kirimu pakhale chotchinga, ndipo riboni iikidwe komalizira, pa keke yozizira, makamaka mutafika kale pamalo a phwando.

1. Riboni yachita madontho a mafuta

Ili ndiye vuto lalikulu, ndipo ndikhalitsapo. Limaoneka kwambiri pa riboni ya satini yowala ngati yapinki, yagolide, yasiliva ndi yobiriwira mopepuka. Madontho amayambira pamene chala chinadinikiza, kenako amafalikira.

Zoyambitsa, kuyambira chofala kwambiri:

- Riboni yagona pa kirimu popanda chotchinga. Mwa makeke ambiri amene ndaitanidwa kukapulumutsa, chifukwa chinali chimenechi.
- Yaikidwa molawirira, dzulo lake madzulo. Usiku wonse nsalu inali ikumwa mafuta.
- Kirimu inali yofewa poika riboni, chifukwa keke sinazizire mokwanira kapena magetsi anazima furiji isanagwire ntchito yake.
- Zala zinali ndi mafuta. Munthu wangomaliza kusalaza kirimu, wapukuta m'manja pa epuloni, wagwira riboni.
- Kirimu ili ndi majarini ofewa, aja a mu kontena opaka pa buledi. Amenewo anapangidwa kuti azipakika mosavuta, ndiye kutentha pang'ono amayamba kuchucha.

Kuti mudziwe ngati ndi mafuta kapena madzi, dinikizani tishu pa dontho. Madzi amalowa mu tishu ndipo dontho limazilala likamauma. La mafuta silichoka, m'mphepete mwake mumangokulirakulira.

Kukonza kwake kuli m'njira ziwiri, ndipo ine ndimakonda yoyamba.

Njira yoyamba ndi kumata pepala kuseri kwa riboni. Tengani baking paper, pepala lija loyala m'chitini chophikira, dulani kachidutswa kotalika ngati riboniyo koma kochepera pang'ono m'lifupi, milimita imodzi mbali iliyonse, kuti pepala lisasuzumire. Limatireni kuseri ndi selotepi yomata mbali zonse ziwiri. Pepala limeneli ndi loterera ndipo selotepi siigwira kwambiri, choncho imateni m'litali monse, osati apa ndi apo. Ena amagwiritsa ntchito kapulasitiki koonekera kokulungira makeke kotchedwa acetate. Nako ndi kabwino, ndipo kamagwira selotepi kuposa pepala. Chofunika n'chakuti chokhudza kirimu chikhale chinthu choyenera kukhudza chakudya. Selotepi yokha isagunde keke.

Njira yachiwiri ndi kuidetseratu yonse mofanana. Yalani riboni pa pepala, pakani mafuta oyera olimba aja amalembedwa kuti shortening, kuchokera kunsonga mpaka kunsonga, kenako pukutani otsala ndi tishu kufikira isakusiyanso mafuta m'manja. Riboni yokhuta kale siimwanso, ndiye madontho saoneka. Koma mtundu wake umadera pang'ono, ndipo kuwala kwa satini kumachepa. Musachite izi musanamuonetse mkwatibwi kachidutswa. Mukudziwa momwe mtundu wa ukwati umakhalira nkhani yaikulu: madiresi a operekeza, mataye a anyamata, nsalu za pamipando, zonse anazisankha kuti zifanane, ndipo pinki wake akasanduka wina amaona msanga kuposa wina aliyense.

Ngati vutoli lakupezani muli kale kuholo:

- Ngati muli ndi riboni yapadera, chotsani yakaleyo pang'onopang'ono, salazani kirimu ndi mpeni wofunditsa m'madzi otentha n'kuupukuta, ikani yatsopano yomatidwa pepala.
- Ngati mulibe, chotsani yomweyo, ipakeni kirimu pang'ono kuseri konse kuti mtundu ufanane, pukutani, bwezeretsani.
- Musayese kuchapa dontho ndi sopo riboni ili pa keke.

Ine ndimagula riboni yokwana kawiri pa keke iliyonse, ndipo mtengo wake ndimauwerengera kale pouza kasitomala. Ukwati ukakhala ku Monkey Bay kapena ku Chembe simungathamangirenso kumsika wa pa Boma kukasaka mtundu womwewo.

2. Riboni ikutsetsereka kapena yamasuka kumbuyo

- Chofala: kirimu yafewa ndi kutentha, ndiye palibe chogwira.
- Chachiwiri, ndipo ambiri chimawadabwitsa: pepala lija mwamata kuseri limateteza ku mafuta koma silimamatira pa kirimu ngati nsalu yokha. Riboni yotere iyenera kudzigwira yokha.
- Chachitatu: yaikidwa pakati pa nsanjika, m'malere, popanda potsamira.
- Chachinayi: mfundo yamaluwa kapena kachitsulo konyezimira kamene mwaika kutsogolo n'kolemera.
- Chomaliza: kugwedezeka kwa galimoto pa mahampu ndi m'maenje.

Ikani riboni m'munsi mwenimweni mwa nsanjika iliyonse kuti ikhale pa bolodi kapena pamwamba pa nsanjika ya pansi pake. Kumbuyo nsonga ziwiri zipitirirane ndi masentimita awiri kapena atatu, ndipo muzimate riboni pa riboni inzake ndi selotepi ya mbali ziwiri. Pindani nsonga yakunja mkati pang'ono kuti polumikiza paoneke paukhondo. Kuseri kwa pepala ikani timadontho ta kirimu yolimba, ngati njere ya chimanga, pa malo anayi kapena asanu kuzungulira. Royal icing, aisingi ija youma gwa yopanda mafuta, imagwira bwino polumikiza riboni ndi inzake, koma ikakhudzana ndi mafuta imafewa, ndiye musaidalire pa kirimu.

Polumikiza pa nsanjika zonse pakhale pa mzere umodzi, kumbuyo. Mukafika pamalo funsani okongoletsa kuti akwati akhala mbali iti ndipo wojambula aima pati, musanatembenuze keke.

Za mapini ndi singano ndinene mosabisa: musabaye pa keke yodyedwa, ngakhale imodzi. Pa maukwati athu keke imadulidwa mothamanga, tizidutswa timakulungidwa n'kugulitsidwa pakati pa nyimbo ndi kuvina, ndipo tina timapita kunyumba kukadyedwa ndi ana. Wodulayo sadziwa kuti munabaya mapini angati. Pini yokhala ndi kamutu ka ngale imaoneka bwino, inde, koma kamutuko kamatha kuthothoka chitsulo n'kutsalira mkati. Mapini ndi a nsanjika yabodza ya styrofoam basi. Chokongoletsa cholemera chimateni pa bolodi, kapena chisokereni pa riboniyo musanaiike.

3. Mtundu wa riboni walowa mu kirimu

Mukachotsa riboni mumapeza mzere wofiira kapena wabuluu kuzungulira keke yoyera, ndipo nthawi zina mtunduwo umakwera pamwamba pa riboni n'kuonekera kwa aliyense.

- Kawirikawiri ndi riboni yosuluka. Mitundu yovuta ndi yofiira, maruni, buluu wakuda, yobiriwira kwambiri ndi yakuda.
- Kenako chinyezi: keke yatuluka thukuta, madzi asungunula utoto.
- Kenako nsalu ya chitenje yodulidwa ngati riboni koma yosachapa. Masiku ano ambiri akukonda zimenezi, makamaka pa chinkhoswe, kuti keke ifanane ndi yunifomu ya achibale. Zimakongola kwambiri, koma chitenje chatsopano chimakhala ndi utoto wotsalira komanso mankhwala ochilimbitsa.

Yesani riboni masiku atatu ukwati usanafike, ndipo muyese kawiri. Nyowetsani kachidutswa, kadinikizeni pa nsalu yoyera. Kachidutswa kena kagonekeni pa kirimu mu sosala, kakhale usiku wonse pamalo otentha a m'nyumba. Chifukwa chake n'chakuti utoto wina sutuluka m'madzi koma umatuluka m'mafuta. Ikasuluka, ichapeni m'madzi ofunda ndi sopo wotsukira mbale pang'ono, tsukuluzani mpaka madzi ayere, yanikani pamthunzi, sitani ndi simbi yosatentha kwambiri mutaphimba ndi kansalu. Riboni zambiri ndi za poliyesitala, simbi yotentha imazifotetsa. Ikasulukabe itachapidwa, isiyeni. Ngakhale yadutsa mayeso, riboni yakuda mtundu imatidwebe pepala.

Ngati utoto walowa kale, ziziritsani keke kuti kirimu ilimbe, palani yonse yothimbirira ndi mpeni mpaka poyera, tayani, pakani ina. Utoto wa nsalu si wa chakudya, musangouphimba ndi kirimu yatsopano.

4. Keke ikutuluka thukuta, riboni yanyowa

Madziwo sachokera mu keke. Ndi chinyezi cha mumpweya chimene chimatera pa chinthu chozizira, monga botolo la Fanta likangotuluka mu furiji. Kufupi ndi nyanja ndi m'mbali mwa Shire zimachitika kwambiri, makamaka m'dzinja kuyambira Disembala mpaka Malichi.

- Chofala: keke yachoka mu furiji n'kuikidwa pamtetete nthawi yomweyo.
- Yaikidwa mu firiza kuti ilimbe msanga. Ikatuluka thukuta lake limachuluka.
- Furiji yadzaza ndi zinthu zonyowa, kapena ikutsegulidwatsegulidwa ndi anthu otenga madzi akumwa.

Ikani keke mu katoni yotseka bwino musanailowetse mu furiji, ndipo poitulutsa musatsegule katoniyo kwa ola limodzi kapena awiri. Chinyezi chitera pa katoni m'malo mwa keke. Thukuta likaoneka musapukute, mudzasiya mizere. Yatsani fani chapatali pang'ono, liume lokha, kenako ndiye muike riboni. Ndikudziwa kuti apa pakuoneka ngati ndadzitsutsa, popeza ndanena kuti riboni iikidwe pa keke yozizira. Nthawi yoyenera ili pakati: kunja kwauma, koma mukakhudza ndi chala chotsuka kirimu ikadali yolimba, siikusiya chidindo.

Mawu amodzi pa za furiji: batala amakoka fungo. Furiji imene mwasungamo chambo kapena usipa siyoyenera keke ya ukwati, ngakhale muli katoni.

5. Riboni siikugona bwino: makwinya, mpata, kapena yaperewera

Ikagwira m'munsi koma m'mwamba n'kuyasama, vuto si riboni. Mbali za keke sizili chilili, zapendekeka ngati ndowa. Riboni ikakhala yaikulu m'lifupi, chilemacho chimaonekera kwambiri. Salazaninso mbali mutaimika chosalazira pa bolodi, kapena sankhani riboni yopyapyala ya sentimita imodzi ndi theka, imabisa zambiri. Makwinya ena amachokera pa mpukutu pomwe, ndiye isiteni musanamate pepala. Riboni yokhala ndi waya m'mphepete ndi yomangira mfundo zamaluwa, pozungulira keke imapindikapindika. Ya grosgrain, ija ya timizere topingasa, imagona bwino kuposa satini ndipo madontho saonekera msanga. Ya organza ndi yoonekera mkati, pepala lingaoneke, ndiye pansi pake pamafunika acetate kapena riboni ina.

Kuperewera kumabwera chifukwa choyeza pa chitini chophikira, kuiwala kuti kirimu yawonjezera kunenepa. Chitini cha masentimita 15 chimazungulira pafupifupi 47, cha 20 pafupifupi 63, cha 25 pafupifupi 79, cha 30 pafupifupi 94. Kirimu yokhuthala theka la sentimita imawonjezera ena atatu, ndipo opitirira polumikiza ndi atatunso. Chabwino koposa ndi kuzunguliza ulusi waukhondo pa keke yopakidwa kale, n'kudula riboni potsatira ulusiwo.

6. Ulusi ukusomphoka, zonyezimira zikuyoyoka

Dulani ndi sizasi yakuthwa, yandikizani nsonga ku lawi la kandulo kwa kamphindi kuti ulusi umatane. Chitani izi kutali ndi keke. Riboni ya glitter ikwecheni pa nsalu yakuda. Ikasiya tinyenyeswa, ipite pa bolodi kapena pa mpeni wodulira, osati pa chakudya.

7. Riboni yamira, kirimu yatupa pamwamba pake

Apa samalani, chifukwa chizindikirochi nthawi zina chimanena za vuto lalikulu kuposa riboni.

- Mwakoka riboni mothinitsa pa kirimu yofewa. Imasuleni, ziziritsani keke, salazani, mangani momasuka.
- Kirimu ikutsika ndi kutentha ndipo ikuunjikana pa riboni ngati matope pa mzere wa m'munda.
- Kirimu ya pakati pa magawo inachuluka, ndipo kulemera kukuifinyira kunja.
- Nsanjika ya pamwamba ikumira mu ya pansi chifukwa timitengo tochirikiza mkati tachepa, tadulidwa mosafanana, kapena mulibiretu.

Pa za kutentha, kirimu ya batala yekhayekha ndi yokoma koma si ya ukwati wa panja mu Okutobala. Ine ndimasakaniza theka batala, theka shortening, amene sasungunuka mpaka kutentha kupitirire madigiri 40, ndipo mkaka ndimathira wochepa zedi. Majarini ophikira a chibuloko ngati Stork amapirira kuposa a mu kontena. Supuni imodzi kapena ziwiri za cornflour zimathandiza kuumitsa. Izi zimangowonjezera nthawi, sizisandutsa kirimu kukhala mwala. Perekaniperekani amatha kutenga maola atatu kapena anayi keke ili chiimire, ndiye kambiranani ndi a komiti kuti tebulo la keke likhale pamthunzi weniweni, kutali ndi khoma la tenti lomwe dzuwa la masana likuwomba, ndipo ngati n'kotheka keke ituluke mochedwerako.

Ponyamula, nsanjika iliyonse ipite m'katoni yakeyake, pansi pa galimoto pamalo osalala, osati pamiyendo ya munthu kapena pampando wopendekeka. Nyamukani m'mamawa kusanatenthe. Msewu wolowera ku Cape Maclear uli ndi zitunda ndi makona, keke yosanjikiza kale imavutika nawo. Kasanjikeni komweko, riboni pomaliza. M'miyezi ya mwera, Juni mpaka Ogasiti, kutentha kumachepa koma mphepo imaulutsa mchenga, ndipo mchenga ukamatirira pa kirimu suchoka. Katoni isavundukulidwe msanga.

Nyerere nazo zimakonda kubisala kuseri kwa riboni, pamene shuga wanyowa. Miyendo ya tebulo iikeni m'tizitini ta madzi, nsalu ya patebulo isagunde pansi. Mankhwala opopera tizilombo asayandikire keke.

Pamene muyenera kuleka n'kuitana wodziwa

Pali zina zimene riboni singabise, ndipo kulimbana nazo nokha kumangowonjezera ngozi. Imbirani wophika makeke amene wasanjikapo makeke ambiri a ukwati ngati:

- Keke yapendekeka, kapena mukuona nsanjika ina yasuntha pa malo ake. Musaikankhe ndi manja kuti iwongoke. Chotsani nsanjika ya pamwamba, muiike pambali, kenako imbani foni.
- Nsanjika ya pansi yang'ambika, mng'alu ukukula.
- Utoto wa riboni wadutsa kirimu n'kufika pa keke yeniyeniyo.
- Ndi koyamba kupanga keke yoposa nsanjika zitatu. Apa muitaneni kukadali sabata kuti ukwati uchitike, osati pa tsikulo.

Musaperekenso keke kwa anthu, ngakhale ikuoneka bwino, ngati:

- Pini kapena singano yasowa ndipo simukuipeza. Nsanjika imeneyo isadyedwe.
- Kirimu ikununkha mosasa, ikuchita thovu, kapena ikutuluka madzi achikasu.
- Mkati muli zinthu zosachedwa kuwonongeka monga fresh cream, cream cheese, kasitadi kapena zipatso zodula, ndipo yakhala kunja kwa furiji kupitirira maola awiri. Kukatentha kuposa madigiri 32, malire ake ndi ola limodzi. Kirimu wamba ya batala ndi shuga wambiri imapirira kuposa zimenezi, n'chifukwa chake kuno ndimakana kuika zinazo mu keke ya panja.

Zikatere uzani ankhoswe kapena wapampando wa komiti mwakachetechete, nthawi ikadalipo yoti akwati adule nsanjika yabwino pojambulitsa. Ndi mawu ovuta kunena, koma ndi opepuka kuposa kumva m'mawa mwake kuti alendo agona akutsegula m'mimba.

Furiji ikamalira koma osazizira, kapena batala akumakhala wofewa mkati mwake magetsi alipo, imeneyo ndi ntchito ya amisiri a mafuriji, ndipo aitanidwe keke isanaphikidwe. Magetsi akazima usiku woti mawa ndi ukwati, musatsegule chitseko kuti muone; furiji yotseka imasunga kuzizira kwa maola anayi kapena kuyandikira apo. Akachedwa kuyaka, funani mnzanu wa jenereta kapena sola usiku womwewo.

Musanachoke pamalo a phwando

M'chikwama changa simusowa izi: riboni yapadera yomatidwa kale pepala, selotepi ya mbali ziwiri, sizasi, kirimu pang'ono mu kontena yoikidwa pa ayezi, mpeni wosalazira, tishu ndi fulasiki ya madzi otentha. Ndikamaliza ndimajambula keke mbali zonse, kenako ndimafuna munthu amene adzadule, osati wongolandira alendo pakhomo. Ndimamutengera kumbuyo kwa keke, kumuonetsa polumikiza riboni, ndi kumuuza kuti ayambe wachotsa riboni ndi pepala lake pa nsanjika iliyonse mpeni usanalowe, ndiponso kuti mkati muli timitengo tingati, aziwerenga pozula.